Amene anathawa atagonja

Ndinaganiza zochoka tsiku limene apolisi anagwira a Chikopa, mnzanga wa kuubwana. Tinali titalowa ndi makasu m'malo osalimidwa a esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Wotsogolera ndinali ine. Tinagonja. Mwana wanga wamkazi, namwino ku Woolwich ku Ulaya, anatumiza tikiti, ndipo ndinapita osatsanzika munthu.

Ku Thamesmead, pafupi ndi Woolwich, tinkakhala m'nyumba yosanja. Chakudya chinalipo, chochita panalibe. Adzukulu ndikawalankhula ankayankha m'Chingerezi. Pansi sipankakhalika, ndiye ndinkangoyenda m'mbali mwa mtsinje. Kumudzi sindinkaimba foni. Ndikanati chiyani?

Pa benchi ina pankakhala mkulu wa ku Sikotilandi. Chingerezi changa ndi cha sitandade sikisi, koma tinkamvana. Tsiku lina analoza kumunsi kwa mtsinje.

"Kalekale makolo anga anaukira mfumu ya kuno, n'kugonja," anatero. "Ogwidwa anawabweretsa pa zombo n'kuwatsekera uko. Ankawachititsa maere. Wogweredwa ankakaweruzidwa, enawo ankawataya kutsidya kwa nyanja."

"Nanga amene anathawa?"

"Anakakalambira ku France, akumwa mowa ndi kuimba za kwawo. Wina wa mtundu wathu anafa akudikira kalata yomukhululukira."

"Inabwera mochedwa?"

"Akanailemba ndani?"

Ine sindinafune kufa ndikudikira kalata. Mwana wanga anati, "Ababa, akakugwirani." Ndinamuuza kuti sindikupempha chilolezo, ndikupempha tikiti.

Ndinabwerera patatha zaka zinayi. Pa bwalo la ndege ndinakonzeka kumangidwa, koma wapolisi sanadzutse n'komwe mutu. Zimenezo zinandiwawa pang'ono.

A Chikopa anali atakhala kundende zaka ziwiri, mano awo akutsogolo anatsala komweko. Ndinawapeza ndi ana awo akupalira chimanga m'munda umene anandisiyira amalume.

"Mwabwera, a ku Ulaya? Koma ndiye mwanenepatu!"

"A Chikopa, munda uwu ndi wanga."

"Eya, ndi wanu. Tinaupeza uli thengo, mwini wake ali kutali. Mukufuna kuitana apolisi? Njira ya kumeneko ndimaidziwa bwino, ndikuperekezani."

Ana aja anasiya kupalira. Onse ankandiyang'ana.

Ndinavula jekete, n'kupempha khasu. A Chikopa anandipatsa mizere isanu ya kumapeto, kumene kuli miyala. Ndimalima kumeneko.