Mkono wa Diresi ya Mayi wa Hotela

Mlongo wanga ndi telala, ndipo kusoka amatha, zimenezo sindingamunamizire. Koma ali ndi lamulo limodzi limene ine ndakhala ndikulimbana nalo kuyambira kale: chilichonse chimene chagwa pansi pa tebulo lodulirapo nsalu ndi cha ana.

Anayamba zimenezi mkazi wake atapita kukagwira ntchito kunja. Poyamba mlamu wangayo ankaimba foni, kenaka mafoni anayamba kutalikirana, mpaka zii. Anasiya ana awiri, mnyamata wa sukulu ndi kamtsikana kamene timangokatchula kuti Kanyerere chifukwa sikakhala pansi. Zidole za m'sitolo bambo awo sakanazikwanitsa, ndiye anaika dengu pansi pa tebulo. Loweruka lililonse masana amatseka makina, n'kukhala pansi ndi anawo, miyendo tambalale ngati si munthu wamkulu. Sokosi yakale amaikamo zidutswa za nsalu, mabatani awiri n'kukhala maso. Katoni ya sopo imasanduka basi, mateyala ake zitsekerero za mabotolo. Guluu amaphika yekha ndi ufa ndi madzi. Lumo ana sagwira iye palibe, koma singano yaikulu anawaphunzitsa.

Ine ndimagulitsa masamba pakhomo pomwepo, ndiye zonse ndimaziona. Ndinamuuza kuti, "Iwe, malo a ntchito si bwalo la masewera, tsiku lina udzalira." Anangoseka.

Tsiku lina kunabwera mayi wina, mwini hotela ya kumsewu waukulu. Anabweretsa nsalu yobiriwira yonyezimira imene anagula kunja, yosapezeka kuno, yongokwanira diresi imodzi. Ananena mosabisa kuti diresiyo ikatuluka bwino, mayunifomu onse a antchito ake adzasoka mlongo wangayo. Kwa munthu amene amakhalira kuika zigamba pa mabuluku, imeneyo inali ntchito yoti ana adye bwino chaka chonse.

Mlongo wanga anaidula nsaluyo mosamala, thupi analumikiza, mkono umodzi anasoka. Loweruka m'mawa, tsiku loti mayiyo adzatenge diresi yake masana, ndinangomva makina aima. Kenaka ndinamva mipando ikukokedwa. Nditalowa ndinamupeza atagwada, akufwanyula m'dengu, thukuta lili kamukamu.

"Achemwali, mkono wina sukuoneka."

Tinasanthula chipinda chonse. Pansi pa makina, kuseri kwa kabati, ngakhale m'matumba a mabuluku a anthu. Dzuwa linali likukwera, ndipo galimoto iliyonse ikadutsa panja tonse tinkatembenukira kuchitseko.

Ndine ndinaupeza. Kanyerere anali kuseri kwa nyumba, atakhala pa njerwa, chidole cha sokosi chili pamiyendo. Chidolecho chinavala nsalu yobiriwira yonyezimira. Mkono uja unatsetsereka patebulo dzulo lake n'kugwera m'dengu, mwana n'kutola monga mwa lamulo la bambo ake.

Ndinauyang'anitsitsa. Sunadulidwe. Anangoukulunga n'kuusoka ndi ulusi wakuda, misoko ikuluikulu yokhotakhota. Ndinathamangira m'nyumba.

"Wapezeka, ndipo ndi wathunthu. Tenga lezala, udule ulusiwo, usite, ulumikize. Nthawi ikadalipo."

Anatenga lezala, tinatuluka. Kanyerere ataona bambo ake anaimirira, nkhope yonse ili mwee, n'kukweza chidolecho m'mwamba.

"Ababa, onani. Ndasoka ndekha, simunandithandize."

"Ndaona, mwanangu. Ameneyu ndani?"

"Ndi amayi. Avala diresi yobwerera kunyumba."

Mlongo wanga anabisa lezala kumbuyo. Ndinamutsina pamkono, osati pang'ono. Ndinamunong'oneza kuti mwana alira lero, mawa aiwala, koma njala siiwalika. Ndinamuuza kuti amusokere ina, nsalu zili mbwee m'dengumo. Anayesadi.

"Bwanji amayi tiwasokere ina yofiira, yamaluwa?"

Mwana anachikumbatira chidolecho. "Ayi. Iyi inagwa pansi. Munati zogwa pansi ndi zathu."

"Ndinatero."

"Ndiye mukufuna kulanda?"

Mlongo wanga anayang'ana mwanayo, anayang'ana ine, ndipo ndinaona kuti munthuyu wagonja kale. Ndinapsa mtima moti ndikanatha kuchilanda ndekha, koma manja anga anakana. Nanenso mawu aja a diresi yobwerera anandilasa, ndisaname.

Nthawi yomweyo hutala inalira kumaso kwa nyumba.

Mayi wa hotela analowa akununkhira mafuta, makiyi ali m'manja. Diresi inali pa hang'ala, mkono umodzi uli lende, mbali inayo pululu. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Abambo, ichi n'chiyani?"

"Mayi, pepani. Mkono winawo ndauwononga ine. Ndingathe kuchotsa uwu kuti ikhale yopanda manja, ikhoza kukukhalani bwino ndithu."

"Ndinakuuzani kuti ndikufuna yopanda manja?"

"Simunatero, mayi."

"Chidutswacho chili kuti? Ndichione."

Ine ndinatsegula pakamwa. Mawu anali atafika kale pammero: chili kuseri, n'chathunthu, tipatseni kanthawi. Mlongo wanga anandiyang'ana kamodzi kokha, ndipo ndinawameza.

"Palibe choti n'kukuonetsani, mayi," anatero.

Mayiyo sanakalipe, mwina zikanakhala bwino akanakalipa. Anachotsa diresiyo pa hang'ala, anaipinda yekha, n'kunena kuti, "Anthu anandiuza kuti ndinu wosamala." Anatuluka osatsanzika.

Galimoto itapita ndinamuthira mawu mlongo wanga. Ndinamutchula chitsiru, ndinamufunsa ngati ana adzadya chidole. Iye anangokhala pa mpando wa makina, lezala ikadali m'manja.

"Achemwali, mayi ake anamulonjeza kuti abwera, sanabwere. Watsala ndi mawu anga okha. Ndiwadulenso ndi lezala?"

Ndinangotuluka, n'kubwerera ku masamba anga.

Mayunifomu aja anasoka telala wina. Antchito a kuhotelako amadutsa pano m'mawa uliwonse, makolala ali pendapenda, ndipo ine ndimawayang'ana mpaka atakhota. Mlongo wanga sawadzutsira n'komwe mutu. Amakhala ataweramira pa buluku la munthu, akuika chigamba.