Telala Lajabu ndi Galu wa Tobias

Mukafunsa ku Katete za Lajabu telala, anthu adzakuuzani kuti ndi uja wosoka pakhonde la sitolo ya Mmwenye, wovala kofia yoyera, wosaseka. Ena adzawonjezera kuti mutu unamusokonekera pang'ono, chifukwa Msilamu weniweni sangamaponyere agalu a pamsika mkute wake. Anthu a pamsika ndi otero, amadziwa zonse za munthu kupatula chimene chinamuchitikira.

Lajabu anabadwira ku Nyasalande, cha ku Namwera, ndipo anabwera ku Katete ali mnyamata ndi amalume ake ogulitsa mchere. Anaphunzira kusoka, anakwatira Sauda, anabereka ana awiri aakazi. Makina amene ankapondawo anali a mwini sitolo, ndipo zimenezi zinkamudya mumtima. Koma masiku amenewo ankaseka ngati wina aliyense, ndipo womuseketsa wamkulu anali Tobias Banda, mlimi wa kufupi ndi Sinda, amene ankabwera ndi kabudula mmodzimodzi yemweyo kudzaikitsa zigamba.

"A Telala, kabudulayu wasanduka wanu," ankatero Tobias. "Nsalu yanga yatsala m'chiuno mokha."

Mu 1957, anthu atakolola, awiriwa anapangana zokagwira ntchito ku Halale. Njira yachidule inali yodzera m'dziko la Apwitikizi, pa malole onyamula anthu ofuna ntchito. Lajabu ankafuna makina akeake. Tobias ankafuna pulawo, chifukwa mkazi wake Ottilia anali woyembekezera. Mimba ziwiri zoyamba zinali zitapita padera, ndipo pa yachitatuyi mudzi wonse unkamuyendera monyang'ama, osamulola ngakhale kusenza mtsuko.

Pamsewu, akudikira lole, anangoona galu wa Tobias ali pambali pawo, lilime panja. Anali galu wofiirira, wa khutu limodzi long'ambika, dzina lake Atinena. Tobias anamuthamangitsa, galuyo n'kubwerera. Anamugenda, n'kubwereranso. Lole itafika, Tobias anamulowetsa m'thumba n'kukwera naye.

"A Banda, chinthu chanucho chikhale uko," anatero Lajabu akudzikokera pakona. "Malovu ake akandikhudza ndiyenera kutsuka kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi."

"Ndiye mukafika ku Halale mutayera kuposa mzungu," anayankha Tobias, lole yonse n'kufa nacho chiseko.

Atadutsa malire ku Chanida chiseko chinayamba kuchepa. Msewu unali wamiyala, dzuwa likuwamba. Mitengo ya kwawo inatha, panayamba milambe ndi minga. M'mbali mwa msewu ankaona amuna omangidwa zingwe m'chiuno akuphwanya miyala, ndi asupayi, apolisi achikuda a Apwitikizi, atawaimirira ndi zikoti. Madzi ankamwa a m'zithaphwi zomwe ng'ombe zinapondamo. Asanafike ku Nyungwe, pamene amaolokera Zambezi, Tobias anayamba kutsegula m'mimba, kenako kunabwera magazi. Dalaivala anaima kangapo, kenako anatopa. Anawatsitsa pa kamudzi kena ka nyumba zowerengeka, lole n'kupita, fumbi lokha n'kutsala.

Mwini mudziwo anawapatsa chisakasa chosungiramo mapira. Lajabu anaphika phala, anafunafuna mizu imene anamulozera, koma munthu ankangotha ngati sopo. Tsiku lina m'mawa Tobias anamugwira dzanja.

"Achimwene, ine panga pathera pano. Ndikupempheni chinthu chimodzi. Ottilia asamvere panjira. Mukayambe kwa amalume ake, a Ezekieli. Iwo aitane amayi akuluakulu, amukhazike m'nyumba, amugwire, ndiye amuuze. Akadzidzimuka mimba ija ichoka, ndipo ine ndidzakhala ngati sindinabadwe." Anapuma pang'ono. "Galuyunso musamusiye kuno. Afisi amudya."

"Ndamva, a Banda. Nditero."

Dzuwa lisanafike pamutu anali atatsirizika. Lajabu anakumba manda ndi khasu lobwereka, mothandizidwa ndi amuna awiri amene chinenero chawo ankachimva mwapatalipatali. Mapemphero a Chikhristu sankawadziwa, choncho anangomanga timitengo tiwiri mopingasa monga ankaonera ku Katete, n'kuzika. Analira yekha, ndipo zinamupweteka kuti munthu wodziwika dera lonse la Sinda waikidwa ngati mlendo wakuba.

Atinena anagona pamtumbira n'kukana kuchoka. Lajabu anamuitana, anamunyengerera ndi phala, galu osatukula n'komwe mutu. Pamapeto pake anatenga lamba wa Tobias, anapumira m'mwamba, n'kumumanga m'khosi. Aka kanali koyamba m'moyo wake kugwira galu. Anasamba m'manja monga mwa lamulo, anasenza bulangeti ndi chipewa cha malemu, n'kuyamba ulendo wobwerera kumpoto.

Za ku Halale zinathera pomwepo. Ankayenda m'mawa ndi madzulo, masana n'kubisala dzuwa pansi pa mlambe. Malole ambiri ankangowadutsa. Ina ya thonje inawatenga, iye ndi galu pamwamba pa mabelo, koma inawasiya pa kampu ya asupayi. Kumeneko anamufunsa chiphaso cha m'dzikomo, iye analibe. Anamutambasulitsa manja n'kumumenya ndi mbalamatodya, thabwa lija la mabowo, mpaka zikhatho zinatupa ngati mikate. Supayi wina analoza galu ndi mfuti, akuti agalu oyendayenda amabweretsa chiwewe. Lajabu anavula jekete limene anadzisokera yekha, lokhalo labwino limene anali nalo, n'kuliika pansi. Supayi analiyesa, linamukwana, ndipo anawakankhira kumsewu.

Atakhala pamthunzi, manja ali pamaondo, galu anabwera n'kuyamba kunyambita zikhatho zotupazo. Lajabu anafuna kuzichotsa, koma mphamvu analibe, ndiponso zinkaziziritsa. M'chigubu chake munatsala madzi ochepa. Akanasamba nawo, onse awiri akanagona ndi ludzu. Anamwa theka, theka linalo anathira m'phale n'kupatsa galu. Anapemphera atadzipaka fumbi m'malo mwa madzi, napempha Mulungu kuti amumvetse. Kuyambira pamenepo ankadya chinangwa chimodzi mogawana, ndipo poyenda Lajabu ankalankhula naye, kumuyeserera mawu amene akanene kwa a Ezekieli.

Anatulukira pamsewu waukulu wa ku Sinda tsiku Lachisanu masana, ataonda onse awiri. Njira yopita kumudzi kwa Ottilia inkadutsa pamaso penipeni pa sitolo ya Abudala, ndipo pakhondepo panali Asilamu atangotuluka ku mapemphero, atavala mikanjo yoyera. Ena anali akuluakulu odziwana ndi amalume ake. Lajabu anaima kuseri kwa chitsamba n'kudziyang'ana: malaya ong'ambika, ubweya wa galu paliponse, lamba m'manja. Munthu amene anapirira mbalamatodya analephera kupirira maso a anzake. Anaganiza kuti akamumasula, galuyo azingomutsatira chapatali ngati galu wa m'mudzi wina aliyense. Si anali atamutsatira dziko lonse la Apwitikizi? Anawerama n'kumasula lamba.

Pakhonde anamulandira ndi manja awiri. Moni wawo sathera panjira: za kunyumba, za ulendo, za manja otupawo. Abudala anaitanitsa tiyi. Lajabu anayankha mwachidule, akuba maso kuyang'ana kuchitsamba. Galu kunalibe. Anayang'ana kunjira ya kumudzi, n'kuona kafumbi kakutha cha kudambo.

Anasiya kapu osatsanzika. Anathamanga, katundu ali pamutu. Nyumba ya a Ezekieli inali kumapeto kwa mudzi, ya Ottilia inali yoyamba. Asanaoloke dambo anamva nthungululu.

Ottilia ankabwera chothamanga, dzanja limodzi litagwira mimba, nsalu yatsopano atamanga mokhota chifukwa cha changu. Galu ankadumphadumpha patsogolo pake. Amayi awiri ankamutsatira kumbuyo akumukuwira kuti ayende pang'onopang'ono, koma nawonso akuseka.

"A Telala, mwabwera!" anafuula. "Ndangoona Atinena ali pakhomo, ndati bambo afika! Nanga anzanu mwawasiya pati? Aima kusitolo? Ndiwo amenewo, nkhani sizitha!"

Anasuzumira kumbuyo kwa Lajabu. Njira inali yopanda munthu. Mawu onse amene Lajabu anakonza ulendo wonse anali a kwa mwamuna wamkulu atakhala pampando, ndipo palibe ngakhale amodzi amene akanawanena kwa mayi woima panjira akumwetulira. Maso a Ottilia anakwera pa bulangeti limene linali pamutu pake, anafika pa chipewa, anatsikira pa lamba. Anaitana dzina la mwamuna wake kamodzi. Amayi aja anafika iye atagwa kale chafufumimba.

Dzuwa lisanalowe mwana anabadwa, masiku ake asanakwane. Anali wamwamuna, ndipo sanalire. Amayi okhaokha anakamukwirira m'mphepete mwa dambo mwakachetechete, pakuti wotere saliridwa. Maliro amene anamveka m'mudzimo anali a Tobias.

Lajabu anakhala pabwalo pamodzi ndi amuna, nafotokoza zonse: matenda, manda, mawu otsiriza a malemu. A Ezekieli anamvetsera mutu uli pansi. Anali munthu wofatsa, ndipo anamuthokoza chifukwa chosamutaya mkamwini wawo kutchire. Kenako anayang'ana galu, amene anali atagona pakhomo la Ottilia.

"Mwavutika naye, bambo. Nyama ikanunkhiza kwawo siigwirika. Anakudulirani lamba, eti?"

A Ezekieli anatambasula dzanja, Lajabu n'kuwapatsa lambayo. Iwo anamutembenuza uku ndi uku, anamuyendetsa m'zala kuyambira kuchitsulo mpaka kunsonga. Panalibe poduka, panalibe polumidwa. M'nyumba Ottilia anayambanso kubuula. Mkuluyo anamupinda bwinobwino lamba uja n'kumuika pamaondo a Lajabu.

"Uyu sungani inuyo," anatero.