Mlandu wa Nyimbo ya Pamtondo

Anandiitana Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Malichi, munsi uli m'manja. Tinali pakampu ya anthu othawa madzi kufupi ndi Bangula. Apolisi awiri anaima chapatali, wina n'kuti, "Mayi, tsitsani mwanayo, mukangoyankha mafunso pang'ono." Mwanayo anali wa miyezi isanu ndi iwiri. Ndinamusiya m'manja mwa apongozi anga.

Mlandu wake unali nyimbo. Wapampando wa komiti ya pakampupo sankalemba mayi kuti alandire ufa asanalowe kaye mutenti yake. Okanafe tinkapita kudambo kukazula nyika, timbatata tomera pansi pa madzi, komwe ng'ona zimagona. Posinja nyikayo tinkaimba kuti, "Madzi anatenga nyumba, apampando akufuna chotsala." Kwathu kuno zimene mkazi sangazinene pabwalo amazinenera pamtondo, ndipo za pamtondo sizikhala mlandu. Koma wapampandoyo anakanena kupolisi kuti tikusokoneza mtendere.

Kupolisi funso linali limodzi: "Wapeka nyimboyi ndani?"

Ndinkamudziwa. Anali mayi wamasiye wa ana anayi, amene njala inamulowetsa mutenti muja. Kumutchula kunali kumuvula pamaso pa kampu yonse.

"Bwana," ndinatero, "bango likamalira ndi mphepo, mumafunsa kuti waliphunzitsa ndani?"

"Sukulu munalekeza pati?"

"Sitandade sikisi."

"Ndiye muziyankha zasitandade sikisi. Dzina limodzi lokha, mukayamwitse mwana."

Ndinakana. Zimene zinatsatira sizinatenge nthawi yaitali. Khutu langa lamanzere silimva bwino mpaka lero. Kenako ananditsekera m'chitokosi.

Lachitatu mabere anatupa ngati miyala, bulauzi itauma gwa ndi mkaka. Wapolisi wamkazi anandibweretsera madzi m'chigubu. "Iwe, mutu wako ndi wolimba kuposa nyika yakoyo," anatero. "Mwana akulira uko, iwe ukusunga dzina la munthu. Ndi m'bale wako?"

"Ayi."

"Ndiye ndi ufiti."

Sindinamutsutse, chifukwa nanenso ndinkadzifunsa zomwezo. Dzinalo linafika pamlomo kangapo. Koma ine ndazula nyika madzi ali m'khosi, dambo lili zii, ndipo kumeneko ndinaphunzira kuti Mulungu samalankhula m'tchalitchi mokha. Amene anaika kulira m'bango anaikanso mawu m'chifuwa mwa munthu aliyense, wophunzira ndi wosaphunzira yemwe. Mawu amenewo akati ayi, palibe yunifolomu ingawasandutse inde. Ndinkakamira mkaka pansi, ndikuimba chamumtima.

Lachisanu dzuwa litakwera ndinamva pansi pakugunda: du, du, du. Amayi a pakampu anali atasenza mitondo itatu n'kuiika pansi pa mtengo kutsidya kwa msewu.

"Aletseni kuimba!" anakuwa bwana uja.

"Sakuimba, bwana," anayankha wapolisi wamkazi. "Akungosinja."

Ankanena zoona, palibe anatsegula pakamwa. Koma minsi inkagwa momwe nyimbo imagwera, ndipo aliyense wodutsa ankamaliza yekha mawu ake. Akabaza anaima n'kumaimba likhweru. Ndinasuzumira pansi pa chitseko, ndinaona nsapato ya wapolisi wamkazi ikugunda simenti motsatira minsi.

Masana anatsegula. "Pitani, tidzakuitanani." Sanandiitanenso. Wapampando uja anakhalabe pampando mpaka kampu inatsekedwa. Sindinama kuti tinamugwetsa. Koma amayi anayamba kupita kukalembetsa ufa atatuatatu, ndipo tenti ija sinatsekekenso.

Pansi pa mtengo paja apongozi anandipatsa mwana. Anali atapepuka. Anayamba wandikana, akutembenuza nkhope, kenako anagwira bere mwaukali moti ndinalira ndi ululu. Mayi wamasiye uja anali pamtondo wapakati. Sanandiyang'ane, anangothokoza chapansipansi m'Chisena, "Takhuta."

Anthu amati ndinamasulidwa Lachisanu. Ine ndimati ufulu ndinali nawo kale Lachitatu, chitseko chili chokhoma, pamene dzina linafika pamlomo ine n'kulimeza. Mwana atakhuta ndinamubereka, ndinalandira munsi, ndipo mawu a nyimbo ija ndinawayambitsa ndine.