Ndinanyoza Zione m'katuni

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha pakamwa panga. Ndinkagulitsa mandasi pafupi ndi kashopu kobenera nyimbo ndi mafilimu ku Senga Bay, ndipo mwini wake, a Saidi, atandimva ndikuyeserera kalankhulidwe ka makasitomala, anandiitana. Ankafuna mawu achikazi oika Chichewa m'makatuni.

Zida zinali laputopu, mahedifoni ndi maikolofoni yovekedwa sokosi kuti mpweya wa m'kamwa usamamveke. Pachitseko tinkapachika bulangete, apo ayi makondakitala a minibasi ankalowa nawo m'filimu. Umaonera kachigawo, kutsitsa mawu achizungu, n'kulankhula potsata milomo ya chidole cha m'katunimo. Nthabwala umaikamo zako, poti ndi zimene anthu amagulira.

Kenako kunabwera katuni ya zigawo zitatu, ya ana aakazi awiri a mfumu, wamkulu wolusa, wamng'ono wokonda kuimba. Panafunika mawu achiwiri, ndipo ndine ndemwe ndinakatenga mng'ono wanga Zione. Chigawo choyamba chitatuluka, amayi ogula usipa ankafika pashopu n'kufunsa, "Kodi kamtsikana koimba kaja ndi kati?" Ine ndili chiimire pomwepo ngati mtengo. A Saidi nawo anayamba kupatsa Zione mahedifoni abwino, ine n'kundisiyira omveka khutu limodzi. Nsanje inandidya, sindibisa.

M'chigawo chachiwiri ana a mfumu aja amakangana. Zione anajambula mbali yake m'mawa n'kupita kuchigayo. Itafika nthawi yanga, chidole chachikulu chija chinatsegula pakamwa, ine n'kukhuthula za kumtima: "Ukudzimva chiyani iwe, wolephera Fomu 2 kawiri, amene unkakodza pamphasa mpaka Sitandade 5?" Zonsezo zinali zoona. A Saidi anaseka mpaka misozi, akuyesa ndangopeka.

"Imeneyi musachotse," anatero.

Pofika Loweruka filimu inali m'mamemori khadi mpaka ku Khombedza. Kwathu aliyense ankadziwa kuti mawuwo ndi a pachibale, ndipo za Fomu 2 zinali zodziwika, choncho za pamphasa anazikhulupiriranso. Ana ankamukuwiza Zione pamjigo. Iye sanakalipe. Anangoti, "Achemwali, zija ananena si chidole ayi. Ndi inu." M'mawa mwake anapita kwa azakhali ku Lifuwu, kokathandiza kukolola mpunga.

Chinatsala chigawo chachitatu, chimene awiri aja amakhululukirana.

"Mwathamangitsa mnzanu, ndiye muchita nokha onse awiri," anatero a Saidi.

Ndinajambula wamkulu akupepesa. Kenako ndinachepetsa mawu, kuyeserera Zione, n'kudzikhululukira ndekha. Tinabwereza kanayi. Makasitomala sanapusitsike. Mayi wina anabweza khadi lake n'kunena kuti, "Kameneka si kaja."

Ntchitoyi ndikuigwirabe, ndipo ndisanaike nthabwala iliyonse ndimayamba ndadzifunsa kuti ili ndi mwini wake kapena ayi. Cha palaputopu umafufuta, koma chikalowa m'mafoni a anthu chapita. Zione anabwerera mpunga utatha ndipo timacheza bwinobwino, koma pamaikolofoni sanaimenso. Mawu ake anali okoma kuposa anga, ndipo amene anawatseka ndine.