Zikope za Pelenatete

Pelenatete anabwera pachitengwa kumudzi kwa mwamuna wake Ioelu, pachilumba cha Savai'i, akadali mtsikana. Ana anabadwa, imvi zinayamba kusuzumira, koma mtengwa ndi mtengwa basi. Ankadzuka ena akadali mtulo, n'kupala kokonati, n'kuphika nthochi, ndipo akuluakulu akamadya ankakhala pansi pambali pawo n'kumawakupizira ntchentche, maso ali pamkeka. Apongozi ake, mayi Fuatino, munthu wosayamika ngakhale ulaliki wa abusa, ankangoti, "Uyu ndiye sativuta." Kwa iwo kumeneko kunali kutamanda kwakukulu.

Ndiye kunabwera chaka chimene zinthu zinasokonekera. Pelenatete anayamba kuonda akudya bwinobwino. Manja ankanjenjemera, mtima uli thi thi thi ngati wathamanga. Ankaiwala mchere, tsiku lina n'kuthira kawiri. Mawu ake, omwe kale anali osowa, anayamba kutuluka ndi minga. Koma chimene chinamugwetsa m'mavuto ndi maso. Anatong'oka, zikope zinakwera m'mwamba, moti ngakhale awerame chotani, choyera cha m'maso chinkaonekabe.

Kumeneko munthu sayang'anitsitsa wamkulu, makamaka mtengwa. Lamlungu lina akukupiza pa chakudya cha masana, mayi Fuatino anakankha mbale.

"Iwe, ukunditong'olera maso chifukwa chiyani? Ukuwerenga nsomba zimene ndikudya?"

"Ayi amayi, ndawerama."

"Wawerama! Kuwerama kwa kwanu n'kumeneko? Ngati watopa nafe unene, njira ya kwanu sinamere udzu."

Pelenatete anayankha, ndipo anayankha mokweza, chinthu chimene sanachitepo. Atapita kuseri analira, osati chifukwa cha kukalipiridwa, koma chifukwa iye mwini samadzizindikiranso. Mudzi wonse unamva, nanga nyumba za kumeneko, zomwe zilibe makoma, zimabisa chiyani? Kunyumba yolukira mikeka amayi anzake anayamba kumunyogodola: "Samalani, kwafika kadzidzi!" Zinamupweteka kwambiri, poti ena mwa osekawo anali oti anawasambitsirapo ana.

Ioelu, munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa, anamukweza sitima kupita naye kuchipatala mumzinda wa Apia. Dokotala anamugwira pakhosi n'kunena kuti ndi chithokomiro chimene chikugwira ntchito mopitirira, ndipo minofu ya kuseri kwa maso yatupa n'kuwakankhira kunja. Anati matendawa sathera m'maso mokha, amatha kusintha ngakhale kayendedwe ka magazi muubongo, m'mbali zothandiza kuona ndi kuugwira mtima, choncho kuiwalaiwala ndi kupsa mtimako si khalidwe. Anamupatsa mapiritsi ndi mankhwala odontheza m'maso, n'kumuuza kuti zimatenga nthawi.

Mayi Fuatino atamva zimenezi anaseka chikhakhali. "Eee! Masiku ano mwano uli ndi dzina la kuchipatala? Magazi a m'mutu ndi amene amayankha akulu?" Ndipo anamuuza Ioelu, Pelenatete akumva, kuti msonkhano wa banja ukachitika adzapempha kuti mtengwayu abwerere kwa makolo ake, ana atsale. Anawo ndi amene anamusowetsa mtendere Pelenatete. Wamng'ono anali asanayambe n'komwe sukulu.

Lamlungu lotsatira, anthu atadya n'kupita kokapuma, Pelenatete anadzigwetsa pamkeka m'kanyumba kophikira. Tulo tinamuba nthawi yomweyo.

Anadzidzimuka atamva zala zikumugwira zikope. Mayi Fuatino anali atagwada pambali pake, nkhope ili yachilendo.

"Unali mtulo?"

"Pepani amayi, ndidzuke ndi..."

"Gona uko! Ndikufunsa, unali mtulo?"

"Eya."

Gogoyo anapukusa mutu. "Ine ndabwera kudzafuna madzi, ndakupeza uli gada, maso ali pa ine tong'o. Ndakutukwana, mwanawe, ndatukwana mpaka azigogo ako. Iwe zii. Kenako ndikumva mkonono! Ntchentche inatera m'diso mwenimwenimo, iwe osaphethira. Ndati ndikutseke, zikope zikukana." Anamugwiranso chikope. "Ndinatsekapo maso a amuna anga atamwalira, anatsekeka. Ako akukana uli moyo. Umagona chonchi masiku onse?"

"Chiyambire matendawa, amayi. M'mawa amakhala ngati athiridwa mchenga."

"Nanga osanena bwanji?"

Pelenatete akanati chiyani? Iye ananena kale, adokotala ananena, Ioelu ananena.

Mayi Fuatino anafunsa komwe kunali mankhwala odontheza aja. Anadontheza okha, theka likuthera pamasaya, uku akudandaula kuti mabotolo a masiku ano ndi opangidwira ana. Kenako anatambasula dzanja n'kutenga chokupizira, chomwe chija Pelenatete anawakupizira nacho kwa zaka zonsezi.

"Amayi, anthu aona."

"Aone! Maso awo amatsekeka, akatopa atsinzine. Iwe gona."

Nkhani ya msonkhano wa banja sinamvekenso. Maso a Pelenatete sanabwerere mwakale kwenikweni, ndipo mwano wa apongozi nawo sunachire. Koma Lamlungu lililonse masana, odutsa ankaona gogo atakhala m'kanyumba kophikira, akuthamangitsa ntchentche pankhope ya mtengwa wake ali mtulo.