Laputopu Yosusuka ya Mayi a Dyna

Mukatsika minibasi pa Songani n'kufunsa komwe amakonza mavidiyo a ukwati, akulozerani kachipinda kobiriwira kamene kali pakati pa shopu ya zitenje ya mayi Zulfa ndi khonde la telala. Telalayo ndi a Lazaro. Kachipindako ndi ka akazi awo, a Ennie, omwe aliyense amangowatchula kuti mayi a Dyna.

A Ennie anabadwira ku Naisi, m'banja la alimi a nandolo ndi chinangwa lomwe makolo ake anachokera ku Mozambique kalekale. Atamaliza Fomu 4 anaphunzira kutayipa kwa mayi wina wa ku Malosa, ndipo kwa zaka zambiri ankatayipa mayeso pa sukulu ina yapulayiveti. Sukuluyo itatsekedwa, mwini wake anawapatsa kompyuta yakale ya mu ofesi. Inali yolemera ngati thumba la simenti, ndipo ikayaka inkalira ngati chigayo.

Windows inkailemera kompyutayo, moti mphunzitsi wina wa ku koleji ya Domasi anawaikiramo Linux. Anawaonetsanso zenera lakuda lomwe munthu amalembamo malamulo ndi mawu m'malo modina tizithunzi. Pulogalamu yomwe imamva malamulowo amaitcha shelu. Kwa munthu amene zala zake zinakulira pa kiyibodi, zimenezi zinali ngati kubwerera kumudzi. A Ennie anasankha kashelu kena kopepuka, kolembedwa ndi anthu odzipereka a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo mmenemo ndi momwe ankadulira ndi kuchepetsa mavidiyo a maukwati ndi a makwaya.

Vuto la kompyutayo linali memori, malo amene pulogalamu imayalapo zinthu zake pamene ikugwira ntchito. Inali nayo yochepa, ndipo ikadzaza inkangouma gwa, vidiyo ya mwini ili pakati. Choncho a Ennie anatchera shelu yawo kuti ntchito iliyonse ikatha iziwauza memori yomwe pulogalamuyo yadya. Nambalayo ankaiyang'ana ngati mmene mayi amayang'anira m'mbale ya mwana wodwala.

Chaka china pa Khirisimasi kunabwera a Happiness, mlongo wa a Lazaro, amene amaluka tsitsi ku Cape Town. Awiriwa ndi a Ennie sankamwerana madzi kwenikweni. A Happiness sankamaliza chiganizo osanena kuti "kwathu ku Kepu", ndipo pa chakudya ankadandaula za mchere kwinaku akuwonjezera kachitatu.

"Alamu, ndakubweretserani chinthu chenicheni," anatero, akutulutsa laputopu ya Mac yopyapyala, yonyezimira ngati sefuliya yatsopano. "Abwana anga amafuna kuitaya. Chigayo chanucho mukachiponye mumtsinje wa Domasi."

A Ennie anathokoza atagwada bwinobwino. Mlendoyo atangobwerera, anaika shelu yawo ija mu laputopuyo, n'kutenga vidiyo imodzi ya kwaya ya Mvano kuti makina onse awiri aichepetse. Kompyuta yakale inalira, inabuula, n'kulemba kuti yadya mamegabayiti 700. Laputopu ija inamaliza mwakachetechete, n'kulemba kuti mamegabayiti 700,000.

"Bambo a Dyna! Tabwerani mudzaone mphatso ya achemwali anu!"

A Lazaro analowa tepi ili m'khosi, n'kusuzumira pa sikirini. "Ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti ntchito yomwe nkhalamba yangayi imagwira itadya mbale imodzi, iyi ikufuna mbale chikwi. Yatengera mwini wake."

"Mayi a Dyna, chepetsani mawu. Anthu akumva."

Anthu anali atamva kale. Pofika madzulo mayi Zulfa anali atauza aliyense wogula chitenje kuti pa neba pabwera laputopu yosusuka yochokera ku Kepu.

Kunena zoona, a Ennie ankadziwa kuti memori yonse ya laputopuyo ndi mamegabayiti 8,000 okha. Akanati aganize pang'ono, akanaona kuti nambala ija siingatheke. Koma nkhani ikakoma munthu safunsa komwe yachokera. Anaitseka laputopuyo n'kuipereka kwa amuna awo, ndipo kwa miyezi yambiri ntchito yake inali kupsinja nsalu pa benchi kuti zisauluke ndi mphepo.

Kenako Sumaiya, mwana wa mayi Zulfa, anakwatiwa ndi Anwar wa ku Liwonde, ndipo wojambula anali a Ennie. Abale a mkwati ochokera ku Lichinga anati akufuna kunyamula vidiyoyo pa fulashi pobwerera kwawo masana a tsiku lotsatira. M'mawa mwake a Ennie anadina batani la kompyuta yakale, koma chigayo sichinalire. Anadinanso, zii. Atamasula chivindikiro anapeza nyerere zitamanga mudzi wathunthu m'kati, mazira ndi zonse. Zinatsatira nyenyeswa za mandasi omwe a Ennie ankadyera pamwamba pa kompyutayo m'mawa uliwonse.

Mayi Zulfa anafika akupumira m'mwamba. "Achemwali, musandichititse manyazi pamaso pa asewere anga. Atenga kale matikiti a basi."

A Ennie anatuluka kupita pakhonde. Anachotsa laputopu ija pamwamba pa nsalu ya yunifolomu, n'kuikapo mwala. A Lazaro anapitiriza kupalasa makina, koma masharubu awo ankagwedera.

Vidiyo ya ukwati inali yaitali kuposa ya kwaya ija, ndiye a Ennie anakonzekera zoopsa. Anatsegula chitseko ndi zenera, anaika ndowa ya mchenga pafupi, n'kuuza mayi Zulfa kuti aime panja. Analemba lamulo, anadina, n'kubwerera m'mbuyo. Utsi sunatuluke. Laputopuyo inangofunda pang'ono ngati mwana ali kumsana, ndipo inamaliza ntchito yonse tiyi wa a Lazaro asanazizire. Pansi pake shelu inalembanso nambala yake yamisala ija.

Asewere ananyamula fulashi yawo, basi anaipeza, koma a Ennie mtima sunakhale pansi. Makina ang'onoang'ono chonchi angadye bwanji zoposa mimba yake? Masana omwewo anagula bandulo n'kuyamba kuwerenga malangizo a makina onse awiri. Yankho linali m'kachiganizo kamodzi. Shelu siyeza yokha memori. Imafunsa makinawo, ndipo makinawo amayankha ndi nambala yokha, osanena muyezo wake. Linux imawerenga m'makilobayiti. Mac imawerenga bayiti imodziimodzi, pomwe mu kilobayiti imodzi muli mabayiti 1,024. Kashelu kawo kankangotenga nambala iliyonse ngati makilobayiti.

Atawafotokozera amuna awo, a Lazaro anaimitsa makina n'kuseka mpaka misozi.

"Zimenezo ndiye ndikuzidziwa. Mukukumbukira aphunzitsi aja ananditumizira miyezo pa foni, amvekere m'chiuno 90? Iwo akunena masentimita, ine n'kudula mainchesi. Thalauza lija munalowa inu ndi Dyna mwendo umodzi."

"Ndi zomwezo ndithu."

"Ndiye achemwali anga mwawanamizira chaka chonse."

"Ine sindinanamizire munthu. Yanama ndi shelu."

"Shelu ndiye inkauza mayi Zulfa?"

A Ennie anabwerera m'kachipinda kawo, ndipo kuti manyazi awachoke anaganiza zoikonza sheluyo okha. Anali asanalembepo pulogalamu yeniyeni, koma anafufuza mpaka anapeza pomwe nambalayo imalembedwa. Anawonjezerapo mizere yochepa yonena kuti makina akakhala kuti si Linux, nambala igawidwe ndi 1,024. Pa laputopu zinayenda. Anatumiza kusinthako kwa eni shelu pa intaneti, n'kulemba uthenga wa Chingerezi chaulemu kwambiri, chomwe ankatayipira makalata a ahedi.

Woyamba kuyankha anali bambo wina dzina lake Alaudin, amene makina ake amayendera FreeBSD m'malo mwa Windows kapena Linux. Analemba kuti wayesa kusinthako ndipo mapulogalamu ake onse asanduka angelo, sakudyanso kalikonse. Kunapezeka kuti FreeBSD nayo imawerenga m'makilobayiti ngati Linux, ndiye kugawa kwa a Ennie kunaimeta mpala. Wina anawonjezera kuti pali makina ena omwe sasunga n'komwe nambalayo, amangoyankha ziro nthawi zonse.

"Anthu awa ngosayamika," anadandaula a Ennie tsiku limenelo, akutsuka nyerere m'kompyuta yakale ndi kaburashi kotsukira mano. "Ndawakonzera chinthu chawo, iwo akundiseka."

"Kasitomala akabweza malaya, umasula n'kusokanso," anatero a Lazaro. "Sutsutsana ndi mimba yake."

A Ennie anasuladi. Ulendo uno anasiya kuganizira makina omwe sanawaonepo. Anapempha anthu a m'gulu la eni shelu aja kuti aliyense ayendetse kapulogalamu kodya memori yodziwika kale, n'kuwauza nambala yomwe makina ake ayankha. Mayankho ankabwera nthawi zosiyanasiyana, ena a Ennie ali kumunda kupalira, ena ali pa kwaya. Potsiriza analemba kuti shelu iyambe yadziwa makina omwe ikukhalamo, kenako isinthe nambala malinga ndi muyezo wa makinawo.

Panatsala makina oyankha ziro aja. A Ennie anakana kuti shelu izilemba ziro, chifukwa limenelo ndi bodza linanso. Anapempha kuti izilemba mawu akuti "kaya", n'kuwafotokozera kuti kwathu kuno munthu wosadziwa amatero. Alaudin anawakonda kwambiri mawuwo, koma ena anati asokoneza anthu, ndiye anagwirizana zongoika kamzere. Kusinthako kunalandiridwa. Mpaka lero, Alaudin akafunsidwa funso lovuta m'gulumo amayankha kuti "kaya".

Kompyuta yakale inadzukanso itaikidwa chida china chamagetsi chogula mu Zomba, ndipo tsopano imangotayipa mapulogalamu a maliro ndi makadi a ukwati. Mavidiyo onse amapita ku laputopu.

Khirisimasi yotsatira a Happiness anatsika minibasi ndi zikwama zawo, koma asanafike pakhonde la mlongo wawo anakodwa ndi mayi Zulfa. Anakhalitsa m'shopu ya zitenjemo. Potuluka analunjika kwa a Ennie, magalasi akuda ali pamphumi, ndipo a Lazaro ataona mayendedwe awowo anayamba kufunafuna singano pansi pa benchi.

"Alamu, ndamva zonse. Akuti laputopu yanga inatengera mwini wake."

"Inali nkhani ya miyezo chabe, alamu. Tinaikonza."

"Ndikufuna munene pano, anthu akumva."

Anthu analidi atasonkhana: mayi Zulfa, amayi awiri ogulitsa tomato, ndi kondakitala wina amene anasiya minibasi yake ikuitanira yokha. A Ennie anaimirira, anakonza chitenje, n'kulankhula mokweza ngati akupereka zolengeza kutchalitchi.

"Ndikunena pamaso pa anthu onse kuti laputopu ya alamu anga siidya kwambiri. Imadya ngati inzake iliyonse."

"Eya. Nanga ine?"

"Inu sindinakuyezeni."

A Happiness anawayang'ana alamu awo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anaphulika nako kuseka mpaka anakhala pansi pa chikwama chawo. A Lazaro anatulutsa mutu pansi pa benchi, n'kufunsa ngati tsopano angapereke moni kwa achemwali awo.