Mfuti yanu ya gogodela ndaiona ku Oakville

Bambo a Chisomo, ngakhale muli m'manda, lero mwandipeza pa shifiti. Agogo amene ndimawasamalira ku Oakville, kuno kutsidya kwa nyanja, ali ndi mfuti yakalekale pakhoma, yofanana ndendende ndi gogodela yanu ija. Atandiona ndikuiyang'anitsitsa anati, "Imeneyi ndi masiketi. Azungu akale anaipatsa dzina la kabawi, mbalame yogwira anapiye." Ndinakumbukira masana aja kumudzi, pamene ndinakuuzani kuti ndapeza malo kusukulu ya unamwino. Simunakalipe. Munangotulutsa mfuti, n'kukhala pakhonde, n'kumathira onga kukamwa kwake, n'kumatsindira pang'onopang'ono, Chisomo ali pamiyendo panga. Kenako munati, "Mayi a Chisomo, njira ndi iyo, pitani tione." Chaka chimenecho sindinapite.

Abale anu amalemba pano pa intaneti kuti munali mlenje wamtima wabwino chifukwa munkawagawira nyama. Iwo ankaona nyama yokha, osaona kumene mfutiyo inkaloza akachoka. Dzina la kabawi linkayenera inu kuposa mfutiyo. Koma mwanapiye uja, Chisomo, anakula, amakwera basi yekha kuno ku Scarborough, ndipo sanandifunsepo kumene munaikidwa.